Kabedi ka Kanyerere

Lolemba, 3 Juni

Ndatulutsa kabedi lero. Kanali m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa njinga yakufa ija ndi makatoni a mbale zimene sitinadyerepo chigulire. Nditachotsa nsalu imene tinavundikira pamwamba ndinayetsemula mpaka misozi, koma kabedi kali gwa, ngati ndakakhoma dzulo. Ndakagwedeza uku ndi uku, osalira ngakhale pang'ono. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Akalipentala a masiku ano apange kawo tione ngati kangathe chaka.

Kabuku kano n'kolembamo miyezo ya ntchito, koma chipumire ntchito masamba angokhala oyera, ndiye bola ndizilembamo zanga. Kanyerere (K.), mwana wanga mmodzi yekhayo, watsala ndi milungu itatu kuti achire, ndione mdzukulu woyamba. Dzinali tinamupatsa ali khanda chifukwa sankakhazikika. Ukamugoneka mutu uli uku, umakamupeza mutu uli uko, ngati wanunkhiza shuga.

Zotchinga zikadali momwe anazimangira mayi ake. Nsalu yachikasu ya timbalame, mkati thonje, zokuta mbali zonse zinayi kuchokera pamatiresi mpaka pamwamba, n'kupindikira kunja kutsika mpaka pansi, moti matabwa saoneka n'komwe. Anzathu ankati kabedi kathu kamavala diresi. Kapilo kake kalimo, kabulangete kochindikala koluka pamanja kalimo, ndi chidole cha njovu chopanda diso limodzi. Mfundo za zingwe ndi zawo zomwe, zija zokhala ngati gulugufe zimene ine ndinalephera kuphunzira. Ndimati ndimasule ndichape, koma manja anakana. Patha zaka zinayi chimwalirire mayi akewo, ndipo m'nyumba muno chinthu chimene chikadali momwe manja awo anachisiyira ndi mfundo zimenezi basi.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndakakokera padzuwa, ndakakuntha fumbi, ndapukuta nsalu ndi kansanza konyowa. Fungo la sopo wawo linatha kalekale, koma ine ndikulimvabe, ndipo palibe wondiletsa.

Ndakhala pampando tsiku lonse kumangokayang'ana. Ndinakapanga nditangosiya ntchito kufakitale ya mipando, nditakangana ndi kapitawo. Ndinalibe shedi, ndinalibe benchi, ndinali ndi sowo, puleni, hamala ndi mkwiyo. Ndinkagwirira pakhonde, mayi ake a K. atakhala pachidebe, mimba ili uko, akundigwirira matabwa kwinaku akundiseka kuti ndikamacheka ndimatulutsa lilime. Anthu odutsa anaona kabedi, wina anati mundipangire tebulo, wina chitseko, ntchito n'kuyambira pomwepo. Kabedi aka ndi kamene kanatidyetsa.

Timatabwa toimirira m'mbali mwa kabedi ine ndimati nthiti. Poziika pamafunika kathabwa koyezera mpata kuti zitalikirane mofanana, ndipo kanga ndinkakatcha kampata. Lero ndakumbukira tsiku limene mayi ake a K. anandiwotchera kampata kanga koyamba. Ndinali nditalandira oda ya kabedi kachiwiri, ndafufuza paliponse osakapeza, iwo n'kungoti phee, "Ndakolezera moto, ndimayesa chinyalala." Ndinalalata mpaka agalu a kwa aneba anandithandiza. Anandisiya nditope, kenako anaika zala zawo zitatu pathabwa n'kunena kuti ndidule kena kofika apa, chifukwa nthiti zothinana ndi zimene zimakongola. Ndinadandaula kuti zindidyera matabwa ambiri, koma ndinadula. Makasitomala anazikondadi, ndipo ine ndinkauza aliyense kuti ndi sitayilo yanga. Iwo ankangomwetulira.

Ndawasowa lero. Ndawasowa kwambiri.

Lachitatu, 5 Juni

Ndamuimbira K. kuti abwere Loweruka ndi mwamuna wake, ndili ndi chinthu choti ndiwaonetse. Wati ndisanyamule zolemera. Akuchita ngati woyembekezerayo ndine.

Loweruka, 8 Juni

Sizinayende bwino.

Anafika chakum'mawa, K. akuyenda ngati bakha, mkamwini wanga akumugwira chigongono. Mkamwiniyu ndi munthu wabwino, koma ine mumtima ndimamutcha Bwana Foni, chifukwa ngakhale utamufunsa ngati kunja kukugwa mvula amayamba wayang'ana pafoni. Ndinawatseketsa maso pakhomo la chipinda chochezera. K. atatsegula anagwira pakamwa, misozi chuchuchu. Anasisita timbalame tija kamodzikamodzi, ananunkhiza kabulangete, anatola njovu n'kuifunsa kuti diso linalo sinalipezebe. Mtima wanga unadzaza. Ndinadziuza kuti mayi ake aja abwera kudzalandira mdzukulu.

Kenako anapukuta misozi n'kundiuza kuti kabediko akatenga, koma zam'katizi ayi. Ndinafunsa kuti ziti. Anati zonse: zotchinga, pilo, bulangete, njovu. Akuti kusikelo anawaphunzitsa kuti khanda ligone chagada, pamatiresi olimba, pansalu imodzi yokoka bwino, popanda china chilichonse. Akuti zofewa zimatseka mwana mphuno ndipo zingwe zimakola pakhosi. Bwana Foni anali atatulutsa kale foni kuti andionetse zithunzi.

Ndinati mwana wa munthu sagona m'bokosi lopanda kanthu ngati anapiye, kuzizira kuli apaku. K. anati amuveka zofunda thupi. Ndinati mayi ako anasoka izi ndi manja awo, masiku awiri osadya bwino. Anati akudziwa. Apa m'pamene ndinalankhula zimene sindinayenera kulankhula.

"Iwe unagona momwemu chaka chathunthu. Unafa? Kapena ukufuna kunena kuti mayi ako anali chitsiru?"

Nkhope yake inasintha. Anaika njovu pansi bwinobwino.

"Bambo, amayi ndinkawakonda kuposa mmene mukuganizira. Koma mwana wanga sagona m'zimenezi. Ngati simungazichotse, tikagula kena kusitolo."

Sanamwe n'tiyi yemwe. Mkamwini anatsanzika kawiri, mwaulemu mpaka kundikwiyitsa.

Lamlungu, 9 Juni

Foni zii. Inenso zii. Tione amene ayambe.

Lolemba, 10 Juni

Bwana Foni wanditumizira chithunzi cha kabedi kakusitolo, koyera, komanga ndi timasikuluwu, akuti ndiwaunikire ngati kali kolimba popeza ndine katswiri. Akuganiza kuti sindikuona kuti akundinyengerera. Matabwa ake ndi aja a utuchi wopanikiza, ukawathira madzi amafufuma ngati buledi. Sindinayankhe.

Chimene chikundiwawa si kabedi kokha. Mwana ameneyu sadzawaona agogo ake aakazi, sadzamva mawu awo, sadzakhala pamiyendo pawo. Ndinkafuna kuti agone pakati pa zinthu zimene iwo anasoka, kuti pena pake amukhudze. K. akachotsa zonsezo, kwatsala chiyani cha mayi ake? Matabwa okha, ndipo matabwawo ndi anga.

Lachitatu, 12 Juni

K. anaimba m'mawa, mawu ali owuma, kuti mwamuna wake ali kuntchito ndiye ndimuperekeze kusikelo. Ndinadziwa kuti ndi msampha, koma ndinavala jekete.

Pabenchi panali azimayi oyembekezera okhaokha, mwamuna ine ndekha ndi imvi zanga. Wina anandifunsa kuti ndili ndi miyezi ingati, benchi lonse kuseka. Ndinati mimba yanga ndi ya zaka makumi awiri ndipo sikusuntha. K. anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti wandikwiyira.

Namwino wake ndi kamtsikana kakafupi, msinkhu wa K. yemwe, koma mawu ngati kapitawo wanga uja. K. anali atamutsina khutu, n'zoonekeratu, chifukwa atatha kuyeza anandiitanira mkati n'kutulutsa chidole cha mwana ndi pilo. Anagoneka chidole, anachitembenuza pang'ono, nkhope n'kumira m'pilo. Anati khanda likatsamiza nkhope pachinthu chofewa lilibe mphamvu yodzutsa mutu, ndipo nthawi zambiri silira n'komwe, limangopuma mpweya womwe latulutsa mpaka kutheratu. Anati zotchinga, mapilo, zidole ndi mabulangete ochindikala zonse ndi chimodzimodzi. Za kuzizira anati mwana avale zovala zokwanira, kapena chogonera chija chokhala ngati thumba chovala m'mapewa, osati chofunda choti chingakwere kumaso.

Ndinaloza K. n'kunena kuti uyu anagona m'zotchinga ndipo ndi uyu wakhala apayu, wamakani ngati bambo ake.

"Tithokoze kuti ali pano, bambo," anatero namwino. "Makolo amene ana awo sanadzuke sabwera pabenchi pano kudzatiuza."

Ndinayamba kuyang'ana kalendala ya pakhoma. Kenako anafunsa za kabedi kenikeniko. Anati matiresi akwane thithithi, pasalowe zala zoposa ziwiri m'mbali, ndipo mpata wa pakati pa timatabwa usapyole masentimita 6, chifukwa thupi la khanda limatha kupyola n'kutsala mutu. Apa ndinadzuka kukhala bwino. Ndinamuuza kuti mwana iwe, zimenezo usaphunzitse ine, makabedi anga onse mpata wake ndi zala zitatu, masentimita 5 ndi pang'ono, kuyambira usanabadwe. Anati ndiye zili bwino, koma ndikayeze. Kuuza kalipentala kuti akayeze!

Pobwerera K. anandigwira dzanja powoloka msewu. Sitinalankhule za kabedi.

Lachinayi, 13 Juni

Ndamasula mfundo.

Ndinachita izi kuti ndijambule tepi ili pakati pa nthiti, nditumize kwa K. akaonetse namwino wake uja. Zingwe zinali zitauma, zina ndinachita kuzikoka ndi mano. Ndinawerenga mfundo makumi anayi ndi zinayi. Ndinkapepesa pa iliyonse. Nsalu itagwa pansi ndinaona nthiti za kabedi koyamba kuchokera pamene K. anali khanda, ndinganene choncho, chifukwa akamachapa ankabwezeretsa tsiku lomwelo ndisanabwere kuntchito.

Sindinafunikenso tepi. Diso linandiuza. Komabe ndinayeza: masentimita 9. Ndinayeza pena, 9. Kumiyendo, pamene matabwa anandithera n'kutalikitsa pang'ono, pafupifupi 10. Chibakera changa chikulowa n'kutuluka osakhudza.

Ndinaiwala kuti aka ndinakapanga ndi kampata koyamba, kamene kanapsa. Zaka zonsezi ndimayesa kabedi kanga koposa onse ndi aka.

Chinanso. Zotchinga za kumiyendoko, pamene pali mpata waukulu, zili ndi thonje lowirikiza ndi nsalu yolimba mkati, ndipo zingwe zake n'zowirikiza. Munthu wotchinga mphepo satero. Sindinatumize chithunzi.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinapita kwa alamu, mng'ono wawo wa mayi ake a K., amene ankakhala nafe chaka chimene K. anabadwa. Ndinawapeza akuyanika zovala. Ndinafunsa ngati akukumbukira chifukwa chimene achemwali awo anasokera zotchinga zija. Anati mphepo, osandiyang'ana. Ndinati ndayeza nthiti. Anasiya shati m'beseni n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Akuti K. anali ndi miyezi isanu. Ine ndinali nditapita kukapereka tebulo kwa kasitomala. Awiriwo ankachapa panja, mwana atagona m'kabedi. Mayi ake analowa kukatenga sopo, sopo yekha basi, ndipo anapeza mwana atapyola pakati pa nthiti kuyambira miyendo, thupi lonse likulendewera kunja, mutu utatsalira mkati, nkhope itakanikizika pamatiresi. Osalira. Milomo itayamba kuda. Anamunyamula thupi, alamu n'kumutembenuza mutu mpaka anatuluka, anamuuzira mpweya, ndipo patapita kanthawi kamene alamu akuti mpaka lero sadziwa kutalika kwake, mwana analira.

Tsiku lomwelo anadula nsalu yachikasu imene anasungira diresi yawo. Anawalumbiritsa alamu kuti asadzandiuze.

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Alamu, munali mutangoyamba kudziimira panokha, ndipo kabedi kaja ndi kamene kanakupatsani dzina. Anati mukamva mukawaza ndi nkhwangwa, kenako mutaya zida zonse, osadzagwiranso thabwa. Ankakudziwani."

Ankandidziwadi. Ndikanatero.

Ndikukumbukira mlungu umenewo tsopano. Mwana sanatsike m'manja mwawo, ngakhale pophika. Ine ndinkawaseka kuti amulera moipa. Diresi ya kabedi itatha ndinaitana aneba kuti adzaone luso la akazi anga.

Potsanzikana alamu anati ndikatsegule chitini cha zosokera, ndikayang'ane pansi penipeni.

Loweruka, 15 Juni

Kampata koyamba kali m'chitini, pansi pa mabatani, kokulungidwa m'kansalu kotsala kachikasu. Sikanapse. Pali chilembo changa cha pensulo. Ndakaika pakati pa nthiti, kakulowa ndendende.

Ndawakwiyira akazi anga lero, ndipo ndawauza mokweza m'khitchini muli ndekha. Mukanandiuza. Ndikanalalata, ndikanaphwanya, koma mukanandiuza. Mwasenza chinthu chotere zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mukudya nane mbale imodzi, ine ndikudzitama pamaso panu za sitayilo yanga. Ndipo zotchinga zimene munabisira kulakwa kwangazo, namwino akuti nazonso zikanatha kumutenga mwanayo. Inu simunadziwe, nthawi imeneyo aliyense ankati n'zabwino. Tinamugoneka pakati pa ngozi ziwiri, yanga ndi yanu, iye n'kukula ndithu. Ine n'kumufunsa sabata yatha kuti unafa?

Mkwiyo utatha ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga makabedi amene ndinapangira anthu pambuyo pake. Ndinafika makumi asanu ndi limodzi n'kusokonezeka. Onsewo ndi kampata kachiwiri, ka zala zitatu. Ana onse amene anagonamo, ena ndi madalaivala tsopano, ena aphunzitsi, sadziwa kuti kunali mayi wina amene ananama kuti wakolezera moto.

Kampata kachiwiri kali m'bokosi la zida, kakuda ndi thukuta la m'manja mwanga. Ndakatulutsa.

Lamlungu, 16 Juni

Ndayankha Bwana Foni. Ndangoti asagule kaye.

Lolemba, 17 Juni

Ndagula matabwa ouma bwino. Wogulitsa anati amayesa ndinapuma ntchito, ndinati ndinapumadi, uku n'kuyasamula chabe. Kuwonjezera nthiti pakati pa zakale sikutheka, mipata ingatuluke yosiyana, ndiye ndagumula mbali zonse zinayi, zitsale nsanamira ndi mitanda. Guluu wakale anakana kwambiri. Ndinagwira ntchito yolimba pa chinthu cholakwika.

Ndapala utoto wonse wakale mpaka thabwa loyera, popeza sindikudziwa kuti munali chiyani ndipo ana amatafuna zimene apeza. Pamtanda wapamwamba pali timano ta K., tizipsera tinayi. Pamenepo ndapala mopepuka.

Matiresi akale ndataya. Pakati anali atalowa ngati mbale.

Lachiwiri, 18 Juni

Nthiti 24 zatheka, zatsala 34. Maso sakuona mzere wa pensulo ngati kale ndipo msana ukulankhula. Ndadzipeza nditatulutsa lilime pocheka. Ndinayang'ana kumene kunkakhala chidebe chija.

Lachitatu, 19 Juni

Wabadwa! Mtsikana. Wafulumira ndi masiku angapo, sanafune kudikira agogo ake amalize. Mkamwini anaimba dzuwa litangotuluka, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, moti ndinachita kumufunsa katatu kuti onse ali bwino. Ali bwino.

Ndinapita masana. K. watopa, milomo youma, koma maso akuwala. Mwana ali m'kabedi kachipatala pambali pake, chagada, manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, popanda pilo, popanda kanthu. Ndinayang'anitsitsa ngati akuoneka wosiyidwa. Ayi ndithu, amaoneka ngati mwini chipatala. Kamutu kake kakukwana m'dzanja langa, thupi lake n'laling'ono kuposa mutuwo. Ndinaganiza za masentimita 9 ndipo ndinachita kukhala pampando. K. anayesa ndi chisangalalo.

Atuluka Loweruka. Pakhonde lachipatala mkamwini anati popeza zinthu zafulumira, akagula kabedi kaja mawa. Ndinamupempha kuti andipatse mpaka Loweruka m'mawa, ndipo abwere ndi tepi yake, foni yake ndi namwino yemwe ngati akufuna. Akapeza cholakwika ngakhale chimodzi, ndikamuperekeza ndekha kusitolo. Anandiyang'ana utuchi umene unali m'tsitsi langa n'kunena kuti chabwino, bambo. Ndikuganiza zosiya kumutcha Bwana Foni. Osati lero.

Lachinayi, 20 Juni

Nthiti zonse zatheka. Ndayamba kumanga. Nthiti, kampata, nthiti, kampata. Nthawi iliyonse ndikakaika pakati ndikuona dzanja lija litagona pathabwa, chala chapakati chili ndi kachipsera ka singano.

Alamu anabwera kudzatenga zotchinga. Akuti achotsa thonje ndi zingwe, achape nsalu, asoke katani ya pawindo la chipinda cha mwana, yaifupi, kutali ndi kabedi. Anandipeza ndikulankhula ndekha, sanafunse kuti ndikulankhula ndi ndani.

Lachisanu, 21 Juni

Sandipepa tsiku lonse. Ndadutsitsa sokosi yopyapyala paliponse, sinakodwe pena paliponse. Palibe msomali woonekera, nsanamira ndazidula zifanane ndi mitanda kuti chovala chisakole. Matiresi atsopano ndinakadulitsa ndili pomwepo, olimba, ndipo wodulayo ndinamubweza kawiri. M'mbali mukungolowa chala chimodzi, movutikira. Nsalu yoyala ya lasitiki anagula kale K.

Utoto sindipaka. Kakhale choncho, thabwa loyera.

Kabedi kopanda diresi kakuoneka kamaliseche, kunena zoona. Koma ukaima pakhomo ukuona mkati monse, mbali zonse.

Loweruka, 22 Juni

Tinakanyamula pagalimoto ya mkamwini m'mawa, tisanakatenge K. kuchipatala. Tinakaika m'chipinda chawo chogona, pafupi ndi bedi, mbali ya K. Mkamwini anatulutsa tepi mwamanyazi, ndinamuuza kuti ayeze mpata uliwonse, asadumphe. Anayeza yonse, akutchula mokweza, 5.2, 5.2, 5.2, mpaka anayamba kuseka. Anakanikiza matiresi ndi chikhatho, anayesa kulowetsa zala m'mbali. Foni sanaigwire. Njovu tinaiika pashelefu, iziyang'anira ndi diso lake limodzilo.

K. analowa atanyamula mwana, akuyenda pang'onopang'ono. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anati nthitizi si zija. Ndinafunsa kuti wadziwa bwanji poti sunazionepo. Anati zikununkhira thabwa latsopano, ndipo manja anga ali ndi mabala.

Ndinapempha mkamwini atenge mwana, K. akhale pabedi. Ndinatulutsa timatabwa tiwiri m'thumba la jekete n'kutiika pamiyendo pake, kakakulu ndi kakang'ono. Ndinamuuza zonse, za sopo, za milomo yakuda, za nsalu ya diresi, za moto umene sunawotche kanthu. Sindinadzichepetsere mlandu. Ndinamuuzanso kuti funso limene ndinamufunsa tsiku lija ndikanakonda ndikanalimeza. Anagwira khosi lake, kenako anayang'ana mwana wake m'manja mwa bambo ake.

Patapita nthawi anatola kampata kakang'ono n'kufunsa kuti muyezo umenewu ndinautenga kuti.

"Ndi zala za mayi ako," ndinatero. "Zitatu. Anaziika pathabwa, ine n'kudula."

Anadzuka, anatenga mwana, anamugoneka chagada pansalu yoyera, miyendo cha kumapeto. Mwana anatambasula manja, anayasamula, osadzuka. K. anagwada pambali pa kabedi movutikira, mwamuna wake akumuletsa. Anaphatikiza zala zitatu n'kuzilowetsa pakati pa nthiti ziwiri. Zinakwana ndendende. Anazitulutsa, anaziika mumpata wotsatira, kenako wotsatira, akuzungulira kabedi chogwada, ndipo palibe amene anamuuza kuti adzuke.